Tsiku Limene Ndinagwadira aNadzimbiri

Amene akudziwa kuti ali ndi mtima wokayika anyamuke pompano, atenge kampando kake akawothere dzuwa kwina, chifukwa sindifuna kuti ndili pakati pa nkhani wina ayambe chitsokomolo chabodza kapena kutsinana ndi mnzake. Ndakuonani kale inu kumapetoko, mano ali pamtunda ndisanayambe n'komwe. Mukuti mumadziwa magalimoto chifukwa mumakwera basi ya ku Lilongwe? Kukwera si kudziwa. Ine Fabiano, Mngoni wa kuno kumapiri a Mphunzi, magalimoto ndakhala nawo, ndadya nawo, ndakangana nawo, ndipo ina ndinaigwadira pamaso pa mudzi wonse, maondo pansi, chipewa m'manja. Ngati ndikunama, mphenzi indipeze pompano dzuwa likuswa mtengo.

Zinali zaka zija za Chitaganya, misewu yonse ya kuno ili yafumbi, nthawi imene galimoto ikalowa m'mudzi amayi ankasiya mitondo ndipo agalu ankathawira kuphiri. Ine ndinali nditagwirako ntchito yotuta matabwa a paini pa Phiri la Dedza, ndipo mzungu wina wa zankhalango, pobwerera kwawo, anandisiyira galimoto yake ya bokosi kumbuyo, yokalamba kuposa iye mwini, yofiira osati ndi penti koma ndi dzimbiri. Ndinaipatsa dzina loti aNadzimbiri, ndipo panalibe mwana m'mudzi amene ankaloledwa kuwatchula mopanda ulemu.

Chisanu cha kuno mukuchidziwa. M'miyezi yozizira aNadzimbiri sankadzuka wamba. Ndinkawafunditsa bulangete langa lomwe ndinachokera nalo ku Halale, ine n'kumagona m'chiguduli; m'mawa ndinkawayikira mbaula ya makala kunsi kwa mimba kuti oyilo asungunuke, kenaka n'kuwapatsa moni bwinobwino, kuwafunsa ngati agona bwino, ndipo pokhapo ndinkalowetsa handulo, chitsulo chija chopukusira injini kutsogolo, n'kuyamba kupukusa. Ukapukusa usanapereke moni, handuloyo inkabwerera n'kukumenya. Msuweni wanga wina anayesa mwamwano, tinakamutola padenga la nkhokwe, ndipo mpaka imfa yake ankavulira chipewa chilichonse cha matayala, ngakhale wilibala.

Ntchito yathu inali yonyamula mbatata ya kachewere kupita nayo kumsika wa Linthipe, ndipo tinkapakira matumba mpaka mulu kupitirira mitengo ya masuku, pamwamba pa matumbawo amayi ndi madengu awo a kabichi, pamwamba pa amayiwo nkhuku, moti tsiku lina tambala amene anali pamwamba penipeni anatsika ali ndi chimfine chifukwa anayenda ulendo wonse mutu uli m'mitambo. Mukumva? Tayala likaphulika ndinkalipakira udzu, vuto n'kukhala ng'ombe zomwe zinkatithamangira kufuna kudya matayala. Thanki ya madzi ikayamba kudontha ndinkathiramo mgaiwa kuti utseke mabowo, ndipo pofika ku Linthipe ndinkangotsegula kachitsekero n'kugawira okwera phala lotentha, chosowa ndi shuga yekha. Lamba wa injini ataduka pa chitunda china ndinamangapo wa buluku langa, n'kulowa mumsika dzanja lina lili pachiwongolero, lina litagwira buluku. Ndipo ndikachedwa pamowa ndinkangodziponya kumbuyo, iwo n'kundifikitsa okha pakhomo, akulambalala dala nyumba zonse zotcheza kachasu.

Mkazi anandipezera ndi iwo omwe. Tsiku lina anangozima okha pafupi ndi chitsime cha mudzi wina, ndinapukusa mpaka thukuta kulowa m'nsapato, iwo zii, kufikira mtsikana wina wamtali, dzina lake Esitere, anabwera ndi ndowa kudzatithandiza madzi, ndipo atangothira, injini inalira yokha ine ndili chiimire. Ng'ombe za malowolo ndinazipeza ndi thukuta la aNadzimbiri. Esitere atalowa m'nyumba mwanga ankakonda kuseka kuti, "Ine pano ndine wachiwiri, akulu ndi awo ali m'chisakasamo." Ankawasesera pokhala, ankawapukuta nyali ndi nsonga ya chitenje chake.

Tsono chaka china mbatata inabala modabwitsa, ndipo ndili kuboma ndinaona kwa mmwenye wina galimoto yakuda yochokera ku Limbe, yonyezimira moti ukaiyandikira unkadziwerenga mano, yosafuna handulo, kungopotoza kakiyi basi yalira. Mtima unandilumpha. Ansembe ankatiletsa mitala ya akazi, koma ya magalimoto sanaitchulepo paguwa, ndiye ndinabwera nayo n'kuitcha Dona. Mwambo wake Mngoni aliyense amaudziwa: subweretsa wachiwiri pakhomo usanakhale pansi ndi wamkulu, kumuuza, kumupepesa ndi kumutsimikizira kuti nyumba yake ikhalabe yake. Koma ndani akanaganiza kuti mwambowo umafika ndi kuzitsulo komwe? Ine ndinangofika ndi hutala, kukankha aNadzimbiri kuwatulutsa m'chisakasa, kuwasiya pansi pa mtengo wa pichesi kuseri kwa khola, bulangete lija n'kufunditsa Dona. Abambo anga aang'ono, aSiliyaki, anapukusa mutu n'kunena kuti pakhomo sayendetsa choncho. Ndinawayankha kuti tsabola wakale sawawa.

M'mawa mwake ndinapeza aNadzimbiri atatembenuka okha, atandipatsa nkhongo, nyali zikuyang'ana kuphiri, pansi pali chithaphwi cha oyilo, misozi imeneyo. Ananyanyala. Sanalirenso, udzu unamera mozungulira matayala, nkhuku zinayamba kulowa ndi kutuluka ngati kwawo, ine ndili kalikiliki kuonetsa Dona m'misika. Esitere yekha, amene panthawiyo anali woyembekezera mwana wathu woyamba, ndiye ankapitabe kukawafunditsa mphasa yakale, n'kukhala pambali pawo akusenda mbatata, akucheza nawo zimene amayi amacheza amuna akachoka.

Matenda a Esitere anayamba m'mawa wina wa mwezi wa Juni, tsiku lozizira kuposa onse amene ndawaona, loti ukayankhula mawu ankauma akangotuluka m'kamwa n'kugwa pansi ngati matalala, moti moni wa m'mawa tinkautolera m'lichero kuti tikaumve masana ukasungunuka. Azakhali anga aBenadeta, amene anali mzamba wa mudzi wathu, anatuluka m'nyumba nkhope itagwa, n'kundikokera pafupi ndi moto kuti mawu awo amveke.

"Fabiano, mwana wapingasa. Manja athu alephera. Dzuwa likafika pamutu tili pompano, tiyika maliro awiri."

Abale anga, ndakumanapo ndi nyalugwe m'nkhalango ya paini, n'kumuuza kuti apatuke, iye n'kupatuka, koma tsiku limenelo ndinachita mantha. Chipatala cha masisitere chinali kumishoni, kuseri kwa mapiri, ndipo ngolo ikanafikako dzuwa litapendeka. Ndinathamangira kwa Dona, kupotoza kakiyi, iye kungoti nyee ngati mwana wamphaka, kenaka zii. Tinamuthira madzi otentha, anauma asanafike pansi. Tinamuyikira mbaula, moto womwe unayamba kunjenjemera. Amuna onse a m'mudzi anamukankha mpaka pamtsetse wa kudimba, iye anangogubuduka mwaulesi n'kukaima pakati pa kabichi wa eni ake, akunyezimira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dona anabadwira kotentha, chisanu cha Dedza sankachidziwa.

Ndinatola handulo n'kuthamangira kuseri kwa khola. Ndinapukusa, ndinapukusa, ndinapukusa mpaka chitsulocho chinafiira n'kupindika m'manja mwanga, koma aNadzimbiri ngakhale kuyetsemula. Pamenepo aSiliyaki anandigwira paphewa.

"Mwana iwe, mkazi wonyanyala sabwezedwa ndi handulo. Pamafunika nkhoswe."

Unkhoswewo anautenga iwo omwe. Analamula kuti pagwidwe nkhuku yoyera yopepesera, bulangete lichotsedwe pa Dona libwerere kwa eni ake, ndipo ine ndigwade. Mudzi wonse unazungulira, amuna ndi amayi, mipweya ikutuluka m'kamwa ngati utsi. ASiliyaki anakhala chonjuta kutsogolo kwa nyali, akuwomba m'manja mwaulemu, n'kunena kuti, "Mayi, mwana wathuyu wabwera kudzagwira mwendo wanu." Ndipo ine, Fabiano, munthu amene sindinagwadirepo bwanamkubwa aliyense, ndinagwada pa chisanu chomwe chinkaluma ngati linthumbu, ndinagwira tayala lakutsogolo ndi manja onse awiri, ndinawakumbutsa zitunda zimene tinakwera limodzi, matope amene tinagonamo, phala limene tinamwetsa anthu, ndinalumbira kuti chisakasa ndi chawo mpaka kalekale, ndinayankhula Chichewa, ndinayankhula Chingoni chimene ndinamva kwa agogo, ndinayesako ndi Chilatini cha kutchalitchi. Nyali imodzi inangophethira pang'ono, kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumaondo, n'kuzimanso. Dzuwa linali litayamba kusuzumira pamwamba pa phiri.

Amayi anali atamutulutsa kale Esitere pamphasa, poganiza zoyesa ngolo. Anali atatuwa, milomo itauma, koma anawapempha kuti amufikitse pamtengo wa pichesi. Anatambasula dzanja n'kugwira chitseko cha aNadzimbiri, ndipo mawu ake, ngakhale anali aang'ono, sanaume ayi, tonse tinawamva.

"Akulu anga, awa musawamvere, ndi chitsiru chathu tonse awiri. Ndikupempha ndine. Ndikufuna ndimuone mwana wangayu."

Mukumva? Popanda handulo, popanda kiyi, popanda munthu kukankha, aNadzimbiri anatsokomola chitsokomolo chimodzi chomwe chinagwetsa chisanu pa madenga onse a mudzi, ng'ombe m'khola zinagwada, moni wonse umene tinatolera m'lichero unasungunuka nthawi imodzi moti mudzi wonse unangoti "mwadzuka bwanji, mwadzuka bwanji" popanda wotsegula pakamwa, ndipo iwo anatembenuka okha, n'kutsitsa msana pansi kuti wodwala akwere mosavutika. Titamugoneka Esitere kumbuyo, azakhali atakhala pambali pake ndi chipanda cha madzi, aNadzimbiri anadzigwedeza kamodzi, bulangete lija linauluka kuchoka paboneti n'kukamufunda Esitere bwinobwino mpaka m'mapazi.

Tsono ulendowo! Dalaivala wina aliyense mu Nyasalandi akanafa ndi mantha pakona yoyamba, koma pachiwongolero panali ine, ndipo tinalowa m'nkhungu yolimba moti mphuno ya galimoto inkaiboola ngati chiswe m'chipupa, kusiya una umene anthu anayendamo mpaka kumapeto kwa Julaye, tinathamanga mpaka chithunzithunzi chathu chinatopa n'kutsalira, chinatipeza kumishoni masana chili wefuwefu, tinadutsa kunsi kwa mapanga a Mphunzi ndi mkokomo woti nyama zija anazijambula akale pathanthwe zinadzidzimuka n'kuthawa, zina zinabwerera koma zina ayi, n'chifukwa chake mukapitako lero mupeza malo ena pamwala ali mbee opanda chojambula, ndipo pa liwiro lonselo aNadzimbiri ankaponda mwakachetechete, akulumpha dzenje lililonse ngati mayi woyenda chonyang'ama mwana ali mtulo, moti madzi a m'chipanda cha azakhali sanatayike ngakhale dontho.

Titafika pamtsinje tinapeza ulalo wa mitengo kulibe, eni mudzi atauphwasula kuti aukonze, mitengo yatsopano isanabwere. Kubwerera kunali imfa. Ndinangowasisita pachiwongolero n'kuwauza kuti, mayi, apa ndi panu, ndipo tinanyamuka, matayala onse m'malere, mtsinje uli pansi ngati ulusi, tinakhala m'mwambamo nthawi yokwanira kuti ndisinthe giya, ndikonze chipewa ndi kupepesa khwangwala wina amene tinamudula njira, koma potera kutsidya tayala lakumbuyo lakumanzere linaguluka, linatipitirira, linatembenuka pang'ono ngati likutsanzika, n'kuyamba liwiro lake lokha kutsogolo. Azakhali aBenadeta Mulungu anawapatsa thupi, sankalowa pakhomo chamaso koma chammbali, ndiye ndinangokuwa kuti asunthire kudzanja lamanja, iwo n'kusuntha, galimoto n'kuima bwinobwino pa matayala otsalawo osakhudza pansi mbali inayo. Mukumva inu? Pachitunda chachikulu cha kutsidyako aNadzimbiri anatembenuka n'kukwera chambuyo, monga ankachitira akalemedwa, koma tsiku limenelo ndikudziwa kuti ankafuna mutu wa Esitere ukhale kumtunda. Potsetsereka mbali inayo mabuleki ndinawapeza atapita kalekale, ndiye ndinatulutsa miyendo pabowo la pansi n'kukanda msewu ndi nsapato zanga za ku Halale mpaka zinayaka moto, ndipo mizere iwiri imene ndinasiya ndi yomwe aboma anadzatsata pambuyo pake pokumba ngalande za msewuwo.

Tayala lija linali litafika kale kuchipatala, litakwera masitepe n'kugogoda pachitseko. Masisitere, poona tayala lopakira udzu, anadziwa kuti ndi la aNadzimbiri ndipo kuti kukubwera wodwala, moti ife pofika tinapeza ali panja ndi machila. Dzuwa linali lisanafike ndi pansonga za mitengo pomwe.

Anamulowetsa Esitere, chitseko n'kutsekedwa, ndipo panja tinatsala awiri, ine ndi aNadzimbiri. Apa ndilibe chodzitamira. Ndinakhala pansi mapazi akufuka utsi, nditatsamira chitseko chawo, iwo akugunda pang'onopang'ono pamsana panga, osazima, tonse maso ali pakhomo limodzi. Dzuwa linakwera, linafika pamutu penipeni pamene azakhali ananena paja. Kenaka m'katimo munamveka kulira kwa khanda, kwaukali, kwa Chingoni. Sisitere wina anatuluka akupukuta manja n'kunena kuti ndi wamkazi, ndipo mayi wake ali moyo, akufunsa ngati akulu ake apatsidwa madzi. ANadzimbiri analiza hutala kamodzi kokha, mokweza moti belu la tchalitchi linayankha lokha, kenaka anatsika pang'onopang'ono n'kugona chamimba pafumbi. Sanadzukenso. Ndinalira, Mngoni wamkulu ndevu pepeya, masisitere akuona, ndipo sindikudziwa kuti misozi yachimwemwe inathera pati, yachisoni n'kuyambira pati.

Pamishonipo panali wansembe wina wokonda zamainjini, ndipo atamva za ulendowo anati akufuna aone ndi maso ake injini yolumpha mtsinje. Anatsegula boneti. Munalibe injini. Munali thadzi lakuda litafungatira mazira, likutiyang'ana mokwiya, ndipo dzira ngakhale limodzi silinasweke. Ndinayang'ana aSiliyaki, amene anali atangofika pa njinga, ndinapeza akuwerenga mitambo mwachidwi. Zinadziwika kuti ine ndili kalikiliki ndi Dona, iwo anali ataimasula injiniyo mwakachetechete, kuikweza pangolo n'kukaibwereketsa kwa mnzawo wa chigayo ku Linthipe, ndipo unkhoswe wonse uja ankawomba m'manja akudziwa kuti akupepesa chigoba. Koma musafulumire kuseka. Anthu a ku Linthipe amalumbira kuti m'mawa womwewo chigayo chinalira chokha mwini wake asanatsegule, chinagaya chimanga chonse chimene chinali pamzere, chinagaya ndi madengu omwe, ufa n'kukwera kumwamba ngati mtambo, ndipo pamene ife tinkalumpha mtsinje chigayocho chinadumpha pa maziko ake n'kuboola denga. Mtima wa mayi uja unali kutali, koma unamva kuitana kwa Esitere.

ANadzimbiri tinabwera nawo kumudzi pa ngolo, ng'ombe zikuyenda mwaulemu, amayi akuimba, n'kuwabwezera m'chisakasa mwawo. Dona ndinamusinthanitsa ndi ng'ombe zamkaka kwa munthu wa kunyanja, kotentha kwawo, ndamva kuti anakakhala bwino. Pambuyo pake ndakhala nawo ena, Kamphepo amene ankaopa agalu, Chigubu amene ankamwa madzi kuposa petulo, ndi chilole china chaulesi chimene chinkayenda pokhapokha ukachiimbira nyimbo za ngoma. Onsewo ndinawakonda, koma aliyense asanagone pakhomo panga ndinkayamba ndamutengera kuchisakasa, nkhuku yoyera m'manja, kuti akulu amuone.

Ndikudziwa zimene mukunong'onezanazo. Mwamva kwa Esitere, amene masiku ano amauza aliyense wobwera kudzagula tomato kuti msewu wa kumishoni ndi mtsetse wokhawokha, kuti mtsinjewo m'Juni ngakhale mbuzi imawoloka osanyowa mchira, ndiponso kuti m'malo athyathyathya ankakankha ndi amuna a m'mudzi, ine ndikulira pachiwongolero. Musamumvere. Munthu anali atatsinzina ndi ululu, bulangete mpaka kumutu, akanaona chiyani? Azakhali anapita, aSiliyaki anapita, koma mboni ndili nayo. Pitani kutsidyako mukamufunse mwana wanga Sisiliya, amene lero ali ndi adzukulu akeake. Anali momwemo m'galimotomo ulendo wonse, kuyambira pamtengo wa pichesi mpaka pakhomo la chipatala, ndipo chibadwireni sananditsutsepo ngakhale mawu amodzi.